Kamakina Kobiriwira ndi Mwana Amene Adali M'mitu ya Eni Ake

Ena a inu m'bwalo lino la alembi mudabwa poona kuti ndadza ndi buku lonena za makompyuta, pamene mwambo wathu ndi kusanthula ndakatulo, nthano ndi masewero. Ndikupempha kuti mundilole ndiyale kaye mfundo zanga, mlandu mugamule pambuyo. Bukuli ndi The Charisma Machine, lolembedwa ndi Morgan Ames, mayi wa ku America, ndipo lidasindikizidwa ndi MIT Press m'chaka cha 2019. Ndalisankha chifukwa mlembi wake wachita ndi makina chomwe ife timachita ndi nthano: wafunsa kuti mpangankhani wamkulu ndani, adamuumba ndani, ndiponso ngati munthu wotere alikodi pansi pano. Funso lomweli likutiyembekezera kuno kwathu, pakuti makina adayamba kale kulowa m'makalasi a Sitandade 1.

Nkhani yake idayamba m'chaka cha 2005. Nicholas Negroponte, mkulu wa za makina pa sukulu yaukachenjede ya MIT, adalengeza ku Davos kuti apanga kompyuta yaing'ono ya madola 100 okha, yoti boma lililonse la dziko losauka ligulire mwana aliyense yakeyake. Ntchitoyi adaitcha One Laptop per Child. Mu Novembala chaka chomwecho adakaionetsa ku msonkhano waukulu ku Tunis, ali limodzi ndi Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo. Kamakinako kadali ndi chopukusira pambali, chonga cha makina osokera a pamanja, ati kuti mwana wa kumudzi kopanda magetsi azidzipangira yekha moto. Annan adapukusa, chopukusiracho n'kuthyoka pamaso pa atolankhani. Mlembi wa nthano akadapeka zimenezi, ife tikadamudzudzula kuti chiphiphiritso chake chachita kuonekeratu. Koma zidachitikadi, ndipo chodabwitsa n'chakuti anthu sadataye nazo mtima. Makina enieni atatuluka m'chaka cha 2007, obiriwira ndi oyera, okhala ndi timakutu tiwiri togwirira intaneti, chopukusira chija padalibe ndipo mtengo udayandikira madola 200. Maboma adagulabe, mpaka makina ofalitsidwa adafika pafupifupi 3 miliyoni.

Ames akufuna kudziwa chomwe chidagwira anthu mtima chotere, ndipo yankho lake lili m'dzina la bukuli. Liwu lakuti charisma walibwereka kwa Max Weber, amene ankanena za atsogoleri otsatidwa ndi khamu popanda kufunsidwa umboni. Ife tingati chikoka. Ames akuti chinthu chosapuma nachonso chikhoza kukhala ndi chikoka, pamene chikulonjeza zomwe anthu akhala akuzilakalaka: kuti umbuli uthe msanga, popanda kumanga makalasi, kuphunzitsa aphunzitsi ndi kuwalipira mwezi ndi mwezi.

Gawo limene landikhutiritsa koposa ndi lomwe akufukula mwana amene adali m'mitu ya opanga makinawo. Maganizo awo adachokera kwa Seymour Papert, katswiri wa masamu wobadwira ku Pretoria, amene adagwirapo ntchito ndi Jean Piaget ku Geneva, nalemba buku lotchuka la Mindstorms m'chaka cha 1980. Papert ankakhulupirira kuti mwana amaphunzira pomanga zinthu ndi manja ake ndi nzeru zake, ndi kuti kompyuta ndicho chida choposa zonse chomangira. Palibe choipa pamenepa. Aliyense amene adaonapo ana akupanga galimoto za mawaya angavomereze. Koma Ames akuonetsa kuti mwana wa m'maganizo amenewa si mwana wamba. Ndi kamnyamata kochangamuka, kaliuma pang'ono, kotopa ndi sukulu, kamene kamaphwasula wailesi ya bambo ake kuti kaone chomwe chikulankhula m'katimo. Kunena mosabisa, ndi iwo eni opanga makinawo, monga momwe ankakumbukirira ubwana wawo. Pokumbukirapo adaiwala makolo opeza bwino amene adawagulira makina, mabuku amene adali m'nyumba, ndi sukulu zabwino zimene zidawaphunzitsa kuwerenga asadagwire kompyuta. Munthu akakula amakonda kunena kuti adadziphunzitsa yekha.

Tsono nthano ikakhala ndi Kalulu isowa Fisi. M'nthano imeneyi Kalulu ndi mwana ndi kamakina kake, ndipo Fisi ndi mphunzitsi, wochedwa kumva, woloweza ana zopanda pake, woyenera kumulambalala. Umboni wake ulipo poyera. M'chaka cha 2011 Negroponte adalankhula zoponya makina m'midzi kuchokera mu helikopita n'kuchokapo, ndipo m'chaka cha 2012 gulu lake lidakasiya mabokosi a matabuleti m'midzi iwiri ya ku Ethiopia kuti lione ngati ana angaphunzire okha kuwerenga. Ine ndikawerenga zotere ndimaganiza za mayi amene amaima ndi choko patsogolo pa ana oposa 100, ena atakhala pa fumbi pansi pa mtengo, kenaka n'kumva kuti anthu ophunzira a kutsidya kwa nyanja amuyesa iyeyo chopinga.

Ames sadalembe bukuli ali pa mpando. M'chaka cha 2010 adakakhala miyezi ingapo ku Caacupé, tauni ya ku Paraguay, kumene bungwe la Paraguay Educa lidagawa makina pafupifupi 4,000 m'sukulu khumi m'chaka cha 2009, ndipo adabwererako m'chaka cha 2013. Adasankha bwino malowa, chifukwa ntchito ya kumeneko inkatamandidwa kuti ikuyenda bwino kuposa kwina. Bungwelo silidangogawa n'kuthawa: lidaika intaneti m'sukulu, lidalemba anthu othandiza aphunzitsi m'kalasi, lidayesanso zokonza makina oonongeka. Komabe zimene adaziona n'zomvetsa chisoni. Makina ankati sangasweke aja ankasweka, magalasi kung'aluka, zotchajira kufa, mabatani kuthothoka, ndipo zipangizo zosinthira zinkasowa kapena kudula. Mphunzitsi akati ana atulutse makina, ena adali atasiya kunyumba, ena moto watha, ena oonongeka, kotero kuti phunziro linkathera m'kukonza makina. Ana ambiri sadalabadire n'komwe. Amene ankawakonda ankatsitsa nyimbo, makanema ndi masewera, monga mwana aliyense angachitire. Owerengeka okha ndiwo adachita zimene Papert ankalota, ndipo Ames atawalondola kwawo adapeza kuti pafupifupi onse adali ndi munthu wamkulu, kawirikawiri mayi, wowalimbikitsa. Kalulu uja, ukamuyang'anitsitsa, adali ndi amake kumbuyo.

Pali nkhani ina ya chiyankhulo imene ife sitingaidumphe. Anthu a ku Paraguay amalankhula Chiguarani ndi Chisipanishi, ndipo osauka a kumidzi amatsamira ku Chiguarani. Makina ndi intaneti zinkalankhula Chisipanishi ndi Chingerezi. Choncho chida chimene chidadza kudzafananitsa ana chidakondera amene adali kale patsogolo.

Ndikuyamikiranso gawo limene akufotokoza zochitika alendo akadza. Ana ochenjera amaikidwa kutsogolo, makina amoyo amasonkhanitsidwa, zithunzi zimajambulidwa, mlendo n'kubwerera kwawo atakhuta. Amene adaphunzirapo pa sukulu ya kwathu kuno safuna kumasuliridwa zimenezi. Tonse tidasesapo bwalo ndi kupaka miyala laimu chifukwa kukudza bwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma Ames sakuseka osesa bwalowo, akumvetsa kuti bungwe lodalira thandizo likapanda kuvina, ndalama za chaka chamawa sizibwera.

Komatu bukuli lili ndi zofooka zake. Choyamba ndi liwu lija la chikoka, limene mlembi walisenzetsa katundu wopitirira. Makina akatchuka, ndi chikoka. Akalephera anthu n'kuwakhulupirirabe, ndi chikoka. Mphunzitsi akadziimba mlandu yekha m'malo moimba makina, ndi chikoka chomwecho. Liwu limene limasulira zonse limafika posamasulira kanthu. Nduna imene ikusaina kugula makina zikwi mazanamazana siikhala yolodzedwa ndi timakutu tobiriwira tokha. Pali chisankho chimene chikudza, pali ogulitsa, palinso mfundo yapafupi yakuti makina amajambulika bwino kuposa malipiro a aphunzitsi. Zimenezi ndi ndale ndi ndalama, ndipo ndikadakonda zikadatchulidwa ndi maina ake kawirikawiri. Chingerezi chakenso, makamaka m'mitu yoyambirira, n'cholemera ndi mawu a anthu a m'mayunivesite, kotero kuti mphunzitsi wa ku pulayimale, amene bukuli likumuteteza, angalitule asadafike pamene pali nyama.

Chofooka chachikulu, m'kuona kwanga, ndi chakuti Uruguay wangomudutsa m'mbali. Dziko limenelo lidatenga makina omwewa m'chaka cha 2007, pa ulamuliro wa Tabaré Vázquez, pansi pa ntchito yotchedwa Plan Ceibal, ndipo pofika 2009 mwana aliyense wa m'sukulu za pulayimale za boma adali ndi yake. Ofufuza sadapeze kuti makinawo adakweza masamu kapena kuwerenga m'zaka zoyambirira, monganso kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa m'chaka cha 2012 sadapeze kusintha kotere m'sukulu 319 za kumidzi ku Peru. Koma Uruguay sadalekere pomwepo. Boma lidaisandutsa ntchitoyi nthambi yokhazikika, ya ndalama zake, amisiri ake okonza, mabuku ake ndi maphunziro a aphunzitsi. Ndipo sukulu zitatsekedwa ndi mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020, ana ambiri a kumeneko adapitiriza kuphunzira kudzera m'njira imene idali itayalidwa kale. Zoona, bukuli lidatuluka mliriwo usadagwe, ndiye sitingamuimbe mlandu Ames pa chimenecho. Koma kusiyana kwa boma lomanga ndi bungwe lopempha kudali koonekera kale, ndipo buku lofunsa chifukwa chake makina amafera m'sukulu lidayenera kukhalitsa pamene sadafe.

Ndifike kwathu. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulayimale zidakhala zaulere ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, dziko lino lakhala likusaka njira yophunzitsira khamu ndi aphunzitsi ochepa. M'chaka cha 2013 Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham adayesa matabuleti a bungwe la onebillion pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, theka la ola pa tsiku kwa masabata asanu ndi atatu, napeza kuti ana adapita patsogolo pa masamu. M'chaka cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayamba ntchito ya BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Kungakhale kulakwa kunena kuti iyi ndi nthano ya Negroponte yobwerezedwa. Matabuletiwa amakhala pa sukulu, amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ana amasinthana, mphunzitsi alipo, ndipo amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu mwa ndondomeko, m'Chichewa. Zambiri zimene Ames akudandaula zaganiziridwa. Chotsala ndi funso la Uruguay lija, lakuti galasi likasweka m'chaka chachisanu ndi chimodzi, othandiza atanyamuka, adzalipira ndani. Pakuti masabata asanu ndi atatu pa sukulu imodzi ya m'tauni, ofufuza ali pomwepo, si zaka khumi pa sukulu ya kuseri kwa phiri.

Koma funso limene likutikhudza ife alembi ndi loyamba lija: m'makinawa muli mwana wotani? Ambiri a ife tidakula ndi Timve ndi Tsala, ndipo tidawadziwa ngati abale athu. Mabuku a sukulu amaumba mwana wawo, afune asafune. Tabuleti nayo ili ndi mwana wake. Mwanayo amalankhula Chichewa, ndipo ine amene ndikulemba m'Chichewa ndikondwera nazo. Komabe mwana wa ku Chitipa, wa ku Rumphi, wa ku Mangochi kapena ku Nsanje, amene kunyumba amamva Chilambya, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, akhoza kupezeka ali pamene padali mwana wa Chiguarani uja, ife a Chichewa titakhala pa mpando wa Chisipanishi. Ames sadalembe za Malawi, koma muyeso wake ukutikwana, ndipo sukutikomera.

Palinso nkhani ya tinthano timene ana amawerenga ndi kumvera pa galasipo. Ntchitoyi ikafika pamene ikulinga, owerenga ake adzaposa 3 miliyoni. Samuel Ntara, amene Nthondo wake adatuluka m'chaka cha 1933, sadalotepo khamu lotere, ndipo palibe mmodzi wa ife m'bwalo lino amene adzalipeze ndi ndakatulo zake. Timatha madzulo athunthu tikukangana za mzere umodzi wa ndakatulo yowerengedwa ndi anthu makumi atatu, pamene zolembedwa zimene zikuumba khutu la mbadwo wonse sitidaziike pa mphasa. Ndikupempha wapampando kuti pa mkumano wina tiitane mphunzitsi wa Sitandade 2 wa sukulu imene matabuletiwa adafikako, atifotokozere tinthano timene ana ake amakonda ndi timene amangodumpha, ndipo ife tikatimve tokha ndi makutu athu, tione ngati Chichewa chake n'cha pakamwa pa anthu kapena n'chovekedwa malaya a eni, ngati mtsikana alimo ndipo akuchitamo chiyani, ndiponso ngati mphunzitsi ndi agogo apatsidwamo malo.