Malume Amene Sali Malume: Maganizo pa Buku la "Paradise"

Mabuku ambiri onena za cikondi ndi za kugulitsa anthu ayenda njira imodzi. Namwali agwidwa ndi anthu oipa, mnyamata wolimba mtima amlondola, ndipo potsiriza awiriwo akwatirana. Buku la Paradise, limene linaturuka m'Cingelezi m'caka ca 1994, likana njira imeneyi. Mlembi wace ndiye Abdulrazak Gurnah wobadwira ku Zanzibar, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1921 kuonjezapo zaka zana, ndiko kuti mu 2021.

Nkhani yace icitika m'dziko la Tanganyika, masiku a Ajeremani. Yusuf, mwana wa zaka 12, auzidwa kuti apite pa ulendo ndi Amalume Aziz, munthu wamalonda wolemera, waulemu ndi wonunkhira bwino. Mwanayo akwera sitima yapamtunda osadziwa kanthu. Atafika kugombe, Khalil, mnyamata wogulitsa m'sitolo, ndiye amuululira kuti Aziz sali mbale wace: atate wace anamgwiritsa cikole cifukwa ca ngongole.

Pamenepa ndipo pagona nzeru ya mlembi. Sationetsa unyolo kapena goli. Wogula mwana adza ngati mlendo wolemekezeka, adya nsima ya pakhomo, nachedwa dzina la cibale. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cikondi cidza mocedwa. Yusuf atakula akonda Amina, amenenso anatengedwa cikole ali mwana, nasanduka mkazi wamng'ono wa Aziz. Pomwepo mkazi wamkulu, Zulekha, akhumbira Yusuf, ndipo pothawa iye amng'ambira malaya cakumbuyo. Amene anaphunzira za Yosefe ndi mkazi wa Potifara adzazindikira msanga fanizoli. Mtima wa wowerenga ukhala m'mwamba: kodi Aziz pobwera adzaweruza bwanji? Kodi okondanawo adzathawa? Yusuf apempha Amina kuti athawe naye, koma Amina sabvomera, pakuti adziwa kuti kapolo wothawa alibe mudzi womlandira. Ena adzati mlembi watimana cimwemwe. Ine nditi watipatsa coonadi, pakuti cikondi cokha sicibweza ngongole.

Buku lilinso ndi zolephera zace. Ulendo wamalonda wopita kwa mfumu Chatu utenga masamba ambiri, kotero kuti Amina timuona nthawi itatha, ndipo mau ace ndi ocepa. Iye amene anabvutika koposa ayenera kumveka koposa. Mau a Ciswahili ndi Ciarabu nawo adzacedwetsa wowerenga watsopano. Koma mathero ace ndi amphamvu. Nkhondo ya 1914 ili pafupi, ndipo Yusuf, atamva kuti atate wace anamwalira, athamangira gulu la asilikari a Ajeremani. Acoka kwa mbuye mmodzi napita kwa wina ndi miyendo yace yomwe.

Ndinaliwerenga bukuli kuno ku Chanyanya, madzulo nditaweruka ku nchito, ndikuona mabwato a asodzi akukoceza m'mbali mwa Kafue. Sindinalione ngati nkhani yakale. Ndani wa ife sanamvepo za mtsikana wotengedwa ndi "azakhali" kupita ku Lusaka kuti akaphunzire, koma nakhala wanchito wosalipidwa? Dziko la Zambia linakhazika lamulo loletsa kugulitsa anthu mu 2008, ndipo Malawi anatero mu 2015. Komabe mu December 2022 mitembo 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka, ndipo apolisi anati anthuwo ayenera kuti anacokera ku Ethiopia. Iwonso anacoka kwao atalonjezedwa zabwino.

Tsono inu anyamata ndi asungwana amene mwatsiriza sukulu ndipo mulikufuna nchito, werengani bukuli mofatsa. Wina akadza ndi mau okoma, nati adzakulipirirani ulendo ndi kukusungirani ziphaso zanu, mfunseni mafunso amene Yusuf sanathe kufunsa: ndipita kwa yani, ndidzalandira zingati, ndipo ndikafuna kubwerera ndani adzandiletsa? Makolo nawonso afunse, pakuti m'buku lino mwana sanabedwe usiku; anaperekedwa masana ndi atate wace.