Manja Odziwa Khosi

M'chipinda cha fiziyo muli luso lina limene sitiliyamikira mokwanira, ndilo kugwira khosi lomwe lakhala likupweteka kwa miyezi yambiri. Katswiri amayamba watenthetsa zikhatho zake. Wodwala amagona chagada, mutu wonse uli m'manja mwa munthu wina, ndipo zala zimayenda mwachifatse pa mafupa 7 a m'khosi, limodzilimodzi, kufufuza pamene pauma. Sachita mwankhanza ayi. Amadinikiza pang'ono, n'kusiya, n'kudinikizanso, uku akumvetsera kapumidwe ka wodwalayo ndi kuona nsagwada zikumasuka. Amadziwanso khosi losayenera kuligwira, ndipo loterolo amalitumiza kwa dokotala.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti khosi limadziwa pamene mutu uli, ngakhale munthu atatsinzina. Timinofu ta pansi pa chigaza tadzaza ndi timitsempha touza ubongo mmene mutu wapendekera. Ululu ukakhalitsa, uthengawu umasokonekera, mwinanso munthu n'kumamva chizungulire. Poyeza vutoli, katswiri amamangirira kanyali ka laser pamutu pa wodwala. Wodwala amakhala masentimita 90 kuchokera pakhoma, n'kutsinzina, n'kucheuka, kenako n'kuyesa kubwerera pomwe anayambira. Kadontho kofiira kamaphonya. Manja aja, pamodzi ndi masewera olimbitsa timinofu ta m'kati mwa khosi, amathandiza kuti kadonthoko kayambe kufika pafupi.

Pakanapanda luso limeneli, telala woweramira makina tsiku lonse, mayi wosenza ndowa ya madzi ndi dalaivala wolephera kucheuka pamphambano akanangodalira mapiritsi. Mapiritsi amaziziritsa ululu kwa kanthawi, koma saphunzitsanso khosi kubwezera mutu pamalo pake.