Gemu Yabwino Imadziwa Kumana

Ndemanga zambiri za magemu a pa kompyuta zimangowerenga katundu amene ali m'gemumo: mapu ndi aakulu bwanji, gemu imatha maola angati, mfuti zilimo zingati, nkhope za anthu zikufanana bwanji ndi zenizeni. Pamapeto wolembayo amaika malikisi, malikisiwo n'kukasonkhanitsidwa pa Metacritic, pomwe amasanduka ndalama. Kampani ya Obsidian, imene inapanga Fallout: New Vegas mu 2010, inaphonya bonasi chifukwa gemu yawo inapeza 84 pamene mgwirizano unkafuna 85. Kuweruza kotereku kumayang'ana zimene gemu yapatsa wosewera. Koma m'magemu oopsa, m'magemu ozunguza mutu, ndi m'magemu a RPG momwe wosewera amavala moyo wa munthu wa m'nkhani, luso la wopanga limaonekera kwambiri pa zimene wasankha kumumana wosewerayo, ndi pa chifukwa chimene wamumanira. Wolemba ndemanga amene sanafufuze zimenezi ntchito yake sanaiyambe.

Resident Evil, imene Capcom inatulutsa pa PlayStation mu 1996 motsogozedwa ndi Shinji Mikami, ndi poyambira pabwino chifukwa kumana kwake n'kowerengeka ndi zala. Wosewera akasankha Chris Redfield amanyamula zinthu 6 zokha nthawi imodzi, akasankha Jill Valentine amanyamula 8. Mfuti ili ndi malo ake, zipolopolo ake, kiyi ake, mankhwala ake, ndiye asanatuluke m'chipinda chotetezeka ayenera kuganiza chimene asiye m'bokosi. Ngakhale kusunga pamene wafika kuli ndi mtengo: afunefune taipilaita, ndipo taipilaitayo imadya liboni ya inki, pamene maliboni m'nyumba monsemo ndi ochepa. Mitembo yoyenda ya m'gemuyi ndi yochedwa, ndipo payokha siopsa kwenikweni. Mantha amachokera m'masamu amene wosewera akuchita chamumtima ataima m'khonde lopapatiza: zipolopolo zatsala zinayi, mtembo umodzi umadya zingapo, ndasunga kalekale, ndiuwombere kapena ndiuzembe? Gemuyi itapangidwanso mu 2002 pa GameCube, opanga anawonjezera lamulo limodzi lankhanza. Mtembo umene wauwombera n'kuusiya osauphwanya mutu kapena kuuwotcha ndi palafini umadzukanso pakapita nthawi, uli wofiira, waliwiro, wazikhadabo. Palafini nayenso sakwanira mitembo yonse. Kupha, kumene m'magemu ena kumabweretsa mphoto, muno kunasanduka ngongole yodzabweza m'khonde lomwelo.

Umboni wa mfundoyi unachokera ku Capcom komweko. Resident Evil 6 ya mu 2012 inapatsa wosewera pafupifupi chilichonse: mfuti zamitundumitundu, mnzake woyenda naye, zibakera ndi mateche, mizinda yoyaka moto ku America ndi ku China. Inagulidwa kwambiri, koma mantha munalibe. Mu 2017, m'gemu ina ya Resident Evil, kampaniyo inabwerera m'nyumba yowola ya ku Louisiana, ndi munthu wamba wofunafuna mkazi wake, chikwama chaching'ono ndi zipolopolo zochepa, mantha aja n'kubwereranso. A Frictional Games a ku Sweden anapitirira pamenepa mu Amnesia: The Dark Descent ya mu 2010, momwe mulibe chida chilichonse chomenyera. Komabe wosewera sanamusiye manja lende. Anamupatsa nyali ya mafuta osachedwa kutha, ndi lamulo lomupanikiza uku ndi uku: mdima umamubisa kwa chilombo koma umamusokoneza mutu, kuwala kumamukhazika mtima pansi koma kumamuonetsera. Mpata wosankha ulipo, kungoti kulikonse kumene wasankha kumapweteka.

Pali amene amatsutsa kuti zonsezi n'kukometsa umphawi. Amati opanga a m'zaka za m'ma 1990 sanasankhe kumana aliyense, makina ndiwo anali ofooka, ndipo ife tikutcha luso chimene chinali kusowa pogwira. Chitsanzo chimene amakonda ndi chifunga cha mu Silent Hill ya Konami ya mu 1999, ndipo sakunama: PlayStation yoyamba sikanatha kujambula tauni yonse nthawi imodzi, choncho chifungacho chinkabisa malire a makina. Koma magemu ambiri a nthawi imeneyo anali ndi chifunga pa chifukwa chomwechi, ndipo anaiwalika. Chimene gulu la Silent Hill linachita mosiyana n'chakuti litalanda wosewera maso, linamupatsa kawailesi ka m'thumba kamene kamayamba kusokosera chilombo chikayandikira. Harry Mason, bambo wofunafuna mwana wake wamkazi, amadziwa kuti chilipo, koma sadziwa kuti n'chiyani kapena chikuchokera mbali iti, ndipo phokoso la zitsulo limene Akira Yamaoka anapeka limasakanikirana ndi la wailesiyo mpaka khutu kulephera kusiyanitsa nyimbo ndi ngozi. Chifunga chinabwera ndi makina, koma wailesi inali nzeru ya munthu. Pamene Silent Hill 2 inatulutsidwanso mu 2012 pa makina amphamvu, chifunga chitapepuka m'malo ena, osewera anaona pothera malo ojambulidwa, zinthu zimene sizinapangidwe kuti zioneke, ndipo anadandaula kuti awawonongera gemu.

M'gemu yozunguza mutu chomanidwa ndi chimodzi chokha, yankho, ndipo muyeso wake amaudziwa aliyense amene anakhalapo poponyerana ndagi madzulo. Ndagi yabwino ndi imene yankho likatchulidwa, olephera aja amagwira pakamwa poona kuti zonse zinali m'mawu omwe anamva. Yoipa ndi imene njira yofikira ku yankho ili m'mutu mwa woiponya yekha. Gabriel Knight 3 ya mu 1999 ili ndi yoipa yotchuka kwambiri. Kuti abwereke njinga yamoto m'dzina la munthu wina, wosewera ayenera kumata tepi pabowo, kuthamangitsa mphaka kuti adutsepo, kutenga ubweya wotsalira pa tepiyo, kuumata pamlomo ndi manyuchi kuti ukhale ndevu, kenako n'kujambula ndevu pa chithunzi cha m'pasipoti, chifukwa mwini pasipotiyo ndevu alibe n'komwe. Palibe kaganizidwe kamene kangafikitse munthu wamutu wake pamenepo. Amangoyesa ichi pa icho mpaka chitheke. Return of the Obra Dinn, imene Lucas Pope anatulutsa mu 2018, ili kutsidya lina. Sitima yapamadzi imene inasowa yabwerera mu 1807 yopanda munthu wamoyo, ndipo wosewera, wofufuza za inshulansi wa East India Company, ayenera kulemba dzina ndi mathero a aliyense mwa anthu 60 amene anakweramo. Ali ndi wotchi yomuonetsa kamphindi kamene munthu anafera: chithunzi chosayenda, ndi mawu ochepa amene anamveka imfa isanafike. Mayina amapezeka m'kalankhulidwe, m'yunifolomu, pa nambala ya pogona pa munthu, kapena poona amene amakonda kuima naye. Luso lalikulu la Pope lili pa lamulo limodzi: buku lolembamo silitsimikiza yankho limodzi palokha, limadikira mpaka atatu akhale olondola. Likanatsimikiza limodzilimodzi, wosewera akanangosinthasintha mayina mpaka lina ligwere. Likanakhala chete mpaka kumapeto, akanataya mtima pakati pa njira. Atatu ndi okwanira kutsekereza wongolota popanda kufooketsa woganiza.

Apa pakubuka chitsutso cholemera kuposa cha makina chija. Ngati kumana ndi luso, bwanji osayamika Candy Crush Saga, imene King inatulutsa mu 2012 ndipo ili m'mafoni osawerengeka? Nayonso imamana: miyoyo ndi isanu, umodzi ukatha umabwerera pakapita mphindi 30, ndipo m'magawo ambiri mipata yosuntha maswiti ndi yowerengeka. Kusiyana kumaonekera pamene wosewera walephera. Mu Obra Dinn chingamutulutse ndi kuyang'anitsitsa basi. Mu Tetris, imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow m'zaka za m'ma 1980 ndi tizidutswa ta mitundu 7 tokha, kandodo kamene akukadikira kakachedwa sangakagule kwa aliyense, ayenera kuphunzira kumanga mosadalira iko. Mu Candy Crush, atangotsala pang'ono kupambana, pasikirini pamabwera mtengo wa mipata ina yowonjezera. Wopanga amene amapindula wosewera akalephera sitingamukhulupirire kuti gawolo analilinganiza mwachilungamo. Sikuti gemuyi ilibe luso. Mitundu yake, timaphokoso take ndi kagwedwe ka maswiti zinakonzedwa ndi anthu odziwa ntchito, n'chifukwa chake Activision Blizzard inagula King pa madola 5.9 biliyoni mu 2016. Koma luso limenelo likutumikira thumba la mwini wake, ndipo ndemanga yotchula kukongola kwa maswiti osatchula polipira yanamiza owerenga.

Magemu a RPG amaoneka ngati akugwetsa mfundo yonseyi, pakuti chimene amatsatsa ndi ufulu: khala amene ukufuna, pita kumene ukufuna. Mizu yawo ili mu Dungeons & Dragons ya mu 1974, sewero la patebulo la madayisi ndi mapepala, momwe dayisi ikagwa yagwa, anzako onse aona. Pa kompyuta mboni zimenezo palibe. Wosewera akhoza kubwerera pamene anasunga n'kuyesanso mpaka zimuyendere, ndipo chisankho chobwezeka sichilemera. The Witcher 3, ya CD Projekt Red ya ku Poland ya mu 2015, imalimbana ndi vutoli pochedwetsa zotsatira. M'dera la madambo la Velen, Geralt, amene wosewera amavala moyo wake, amapeza mzimu womangidwa pansi pa mtengo, umene ukulonjeza kupulumutsa ana amasiye akaumasula. Akaumasula anawo amapulumukadi, koma mudzi wapafupi umapululidwa, mkazi wa munthu wotchedwa Bloody Baron amafa, Baron n'kudzimangirira. Akaupha, Baron ndi mkazi wake amakhala ndi moyo, anawo n'kuthera m'manja mwa mfiti za m'dambomo. Zonsezi zimadziwika patapita nthawi, wosewera atachita zina zambiri zimene safuna kuzitaya, choncho amangosenza. Disco Elysium ya mu 2019, yolembedwa motsogozedwa ndi Robert Kurvitz wa ku Estonia, inapeza njira yochenjera kuposa imeneyi: inakometsa kulephera. Wapolisi chidakwa amene waiwala ndi dzina lake lomwe amaponyeredwa madayisi awiri pa zochita zambiri, kufinya mboni, kuimba nyimbo m'bala, ngakhale kukolola tayi yake imene yakola pa fani ya kudenga. Akalephera nkhani siima, imakhotera kwina, kawirikawiri koseketsa kapena komvetsa chisoni kuposa kumene kupambana kukanapita. Wosewera amadzimana yekha kubwerera m'mbuyo chifukwa akufuna kuona kuti manyaziwo athera pati. Mkwiyo umene unagwera Mass Effect 3 mu 2012 umamveka tikauonera mbali imeneyi. Patatha magemu atatu a zisankho zowawa, mathero anasiyana pang'ono chabe, makamaka pa mtundu wa kuwala kophulika, mpaka opanga ake, a BioWare, anatulutsa mathero owonjezera chaka chomwecho. Osewera anaona kuti zimene anadzimana m'njira monse sizinagule kanthu.

Chitsutso chotsala ndi cha chifundo, ndipo si chokankhira kumbali. Pali anthu amene manja awo sathamanga, amene sasiyanitsa bwino mitundu, amene mtima wawo sulola kudzidzimutsidwa, ndipo kwa iwo kumana kumene ena akukutcha luso ndi chitseko chotseka basi. Mkanganowu umabuka kawirikawiri FromSoftware ikatulutsa gemu yonga Dark Souls ya mu 2011, chifukwa m'magemu amenewa mulibe posankha njira yosavuta. Ena mwa oiteteza amalankhula ngati kuvutika pakokha ndi ulemu, zimene si zoona: gemu yovuta chifukwa choti mabatani sakumvera ndi yopangidwa moipa, palibenso china. Funso loyenera ndi lakuti mwa zonse zimene gemu ikumana, ndi chiti chanyamula tanthauzo, ndipo ndi chiti chingachotsedwe gemuyo n'kukhalabe yomweyo. Celeste ya mu 2018 imalola wosewera kuchepetsa liwiro kapena kuzimitsa imfa, itamuuza kaye mmene opanga anafunira kuti iseweredwe, ndipo amene anakwera phiri lake m'njira yovuta sanalandidwe kanthu.

SOMA ya Frictional ya mu 2015 ikusonyeza kuti ngakhale opanga eniake nthawi zina saona pamene pagona mphamvu ya gemu yawo. Simon Jarrett amapita kukajambulitsa ubongo ku Toronto, n'kudzuka patapita zaka pafupifupi 90 pa siteshoni ya pansi pa nyanja, anthu a pamtunda atatha. Pakati pa gemu maganizo ake amakoperedwa m'thupi lina, koma Simon wakale uja akadali pampando, wamoyo, ali m'tulo, ndipo wosewera ayenera kusankha kumuzimitsa kapena kumusiya kuti adzadzuke yekhayekha. Gemuyo sinena kuti chabwino n'chiti, ndipo sipereka mphoto kwa wosankha uku kapena uko. Imamumana chitonthozo, ndipo mantha ake enieni ali pamenepo. Zilombo zothamangitsa munthu m'makonde zinkangodukiza maganizo amenewa, mpaka osewera ena anadzikonzera okha kapulogalamu kozifatsitsa. Mu 2017 Frictional inavomera, n'kuwonjezera kaseweredwe kamene zilombo zilipobe koma sizipha, ndipo funso la Simon wa pampando uja silinapepuke ngakhale pang'ono. Pa mlandu umenewu, amene anapempha kuti zilombo zileke kupha ndiwo anaimvetsa gemuyo kuposa amene ankawaseka kuti ndi amantha.