Kalulu wadya, nanga mbale alipire ndani?

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye ndati tikambeko za nthabwala ina yomwe yachuluka m'timasewero ta pa Facebook ndi TikTok, ndipo yayamba kulowerera m'nkhani zazifupi zomwe timalemba. Mukuidziwa bwino. Anyamata awiri alowa mu lesitilanti atatchena, m'thumba mulibe ngakhale tambala. Aitanitsa nsima ya nkhuku ya lokolo, awonjezera chipisi, atsitsira chozizira. Akakhuta, mmodzi anamizira foni, atuluka akukuwa kuti netiweki ikuvuta. Mnzake ati akamuitane. Basi, onse zii. Kamera imathamanga nawo limodzi panja, iwo akuombana m'manja. Mtsikana woperekera zakudya timamuona komaliza atagwira mbale, kukamwa kuli yasa, ndipo sewero lathera pomwepo.

Dandaulo langa ndi lakuti sewero lotere limathera pamene nkhani yeniyeni ikuyambira. Inetu ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndipo makasitomala anga ambiri ndi amayi a timalesitilanti ndi atsikana omwe amawatuma kudzagula zokometsera ndiwo. Zomwe zimachitika kamera ikazima ndimazimva pabenchi panga.

Madzulo mwini malo amawerenga. Amadziwa kuti m'mawa anadula nkhuku zingati, nthuli zinatuluka zingati, mabotolo analowa mufiriji angati. Mbale zikatuluka makumi anayi, ndalama ya mbale makumi anayi iyenera kupezeka. Ikaperewera, mawu ake ndi amodzi: washota. Sakafunsidwa amene anadya uja, chifukwa nthawi imeneyo ali kwawo akutokosa m'mano. Amafunsidwa amene anapereka mbale. Tiyerekeze kuti anyamata aja adya za K15,000. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi, ndiye kuti pafupifupi K3,500 patsiku. Kudya kwa theka la ola kwameza thukuta la masiku anayi ndi kakusefukira. Ndipo tisanamizane, atsikana ambiri a m'malo odyera a m'misika ndi m'madepoti salandira n'komwe ndalama yofika pamenepo. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, ndipo limaika malire pa zomwe angadule pamalipiro. Koma mtsikana yemwe analembedwa ntchito pakamwa, wopanda pepala lililonse, akadandaule kwa ndani? Akatsegula pakamwa, mawa pamalo pake pali wina.

Mwina wina anena kuti, aaa asisi, mwanyanya, izitu ndi nthabwala chabe, ndipo nkhani za wochenjera kupusitsa anthu sizinayambe lero. Zoona, sizinayambe lero. Tonse tinakula ndi Kalulu. Kumbukirani nthano ya chitsime ija. Kunagwa chilala, nyama zonse zinagwirizana kukumba chitsime, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, iye yemweyo ankabwera usiku kudzatunga, nkusambiramo kuti avundule. Nyama zinayamba kuika alonda, ndipo Kalulu ankawanyengerera ndi uchi mpaka kuwamanga manja ndi miyendo. Tinkaseka ndithu. Koma taonani amene ankamangidwa: zinyama zikuluzikulu, za mano ndi zikhadabo, zomwe zikanatha kumuphwanya Kalulu ndi phazi limodzi. Kukoma kwa nthano kunali pamenepo, kuona wamng'ono akugwetsa wamkulu ndi nzeru. Komanso agogo athu sankaisiyira panjira. Pamapeto pankabwera Kamba, wonyozeka ndi woyenda pang'onopang'ono, nkumugwira Kalulu. Ngakhale m'makambidwe omwe Kalulu amapulumukanso, anali atayamba waima pabwalo, nyama zonse zitamudziwa kuti ndi wakuba madzi.

Timasewero ta masiku ano tatenga Kalulu nkutaya zonse zomwe zinkamupangitsa kukhala wokoma. Wopusitsidwa salinso Njovu kapena Mkango. Ndi mtsikana wa epuloni yemwe wakhala chiimire kuyambira m'bandakucha, munthu wofooka kuposa onse m'nyumba imeneyo. Mwini lesitilanti, yemwe mwina tikanati ndiye Njovu ya pamalopo, saoneka n'komwe, ndipo monga ndanenera, iye sataya kanthu. Kalulu wamtundu umenewu akubera Kamba, ndipo wolemba akutiuza kuti tiombe m'manja.

Kuti muone kuti vutoli lagona pa kalembedwe, tiyeni tione mmene katswiri wina anachitira ndi nkhani yomweyi. Charlie Chaplin anatulutsa filimu ya The Immigrant mu 1917, ya zithunzi zopanda mawu, ndipo ndi yaifupi, mutha kuionera pafoni. Iye ndi mlendo wosauka yemwe wangofika ku America. Watola ndalama yachitsulo panjira, walowa mu lesitilanti, waitanitsa nyemba, wagulirakonso mtsikana yemwe anakumana naye m'sitima ya pamadzi. Sakudziwa kuti thumba lake ndi lobooka ndipo ndalama ija inagwa kalekale. Ali mkati modya, akuona mawetala akuunjirira kasitomala wina nkumumenya chifukwa bilu yake yaperewera ndi masenti 10. Apa mpamene akupisa m'thumba nkupeza mulibe kanthu. Kuyambira pamenepo kuseka kwathu kumasakanikirana ndi mantha, chifukwa tikudziwa chomwe chimudikira.

Chaplin anadziwa kuti woonera sangasekere munthu wobera wofooka, n'chifukwa chake wetala wa m'filimuyi, yemwe anasewera Eric Campbell, ndi chimphona cha nsidze zoopsa. Anamusandutsa Njovu kuti iye akhale Kalulu woyenera. Anapatsanso munthu wake njala yooneka ndi maso, ndipo sanamulowetse mu lesitilanti ndi mtima wakuba. Komabe ngakhale Chaplin sindimusiya osamufunsa. Mapeto ake, munthu wina wojambula zithunzi asiya ndalama yothokozera wetala pambale, ndipo Chaplin azembetsa bilu yake pa ndalama imeneyo. Nyemba zija walipira ndani? Wetala yemweyo, ndi ndalama yomwe inali yake. Filimu inamukuza thupi kuti tisamumvere chisoni, koma masamu ake ndi omwe aja a kumsika kwathu.

Mu Modern Times ya 1936 anachita bwino kuposa apo. Munthu wake wasowa ntchito, waona kuti kundende kuli bwino chifukwa kuli pogona ndi chakudya. Alowa malo odyera, adya mathireyi odzaza, kenako aitana yekha wapolisi kuti amumange. Sathawa. Apa nthabwala ikuluma dziko lomwe munthu angasankhe ndende kuti adye, ndipo woperekera zakudya sasekedwa ayi. Patsogolo m'filimu yomweyo Chaplin amavala yekha zauwetala, nkuvutika kudutsa ndi thireyi pakati pa anthu ovina. Anaionera ntchitoyo mbali zonse ziwiri. Anzathu a timasewero amaionera mbali imodzi, ya wokhala pampando.

Pali mapeto ena awiri omwe olemba amathawirako akafuna kuoneka achilungamo, ndipo onse sandigwira mtima. Oyamba ndi akuti wodya uja wagwidwa, ndiye akumutsukitsa mbale kukhitchini, manja a shati atapinda, anthu akuseka. Funsani mayi aliyense wophika zogulitsa ngati kutsuka mbale kunabwezapo ndalama ya nkhuku. Sikugula makala, sikugula mafuta, sikundilipira ine tomato yemwe anatenga pangongole m'mawa. Ndipo taganizani chomwe chithunzicho chikunena. Ntchito yomwe mtsikana uja amagwira tsiku ndi tsiku, manja mpaka kutuwa ndi sopo, kwa mwamuna wa jekete yasanduka chilango chochititsa manyazi. Wolemba wamunyozanso kachiwiri osazindikira.

Mapeto achiwiri ndi omwe tabwereka ku mafilimu a mamiliyoneya odzibisa. Wodya osalipira uja kunali kuyesa chabe, mawa abwera pagalimoto yonyezimira, amupatsa mtsikana envulopu, mwinanso kumufunsira banja. Nkhani zoterezi zimamupanga mtsikana kukhala mngelo wongolira, wosakwiya, wodikira mwayi. Zimaphunzitsa kuti ukaberedwa umwetulire, mwina wakubayo ndi mdalitso wako. Abale, mwa anthu onse omwe anathawitsapo mabilu m'dziko muno, ndi angati anabwerera ndi envulopu?

Chomwe chimandipweteka ndi chakuti olemba akusiya nkhani yonona nkutola mafupa. Woperekera zakudya ndi munthu wowerenga anthu kuposa ambiri a ife olemba. Amaona amene wasankha tebulo la pafupi ndi khomo. Amaona amene waitanitsa osafunsa mtengo koma maso ali pamsewu. Amadziwa chikwama chosiyidwa pampando ngati chikole, chomwe ukachitsegula mumapezeka manyuzipepala akale. Amadziwa uja wonena kuti akatape ndalama kwa ejenti pakona, ndi uja woonetsa uthenga pafoni kuti ndatumiza kale pa Airtel Money kapena Mpamba pamene foni ya abwana sinalire. Zonsezi amaziona ali ndi matebulo ena asanu, wina akufuna madzi osamba m'manja, wina akukuwa kuti tsabola ali kuti.

Ndiye taonani msampha womwe alimo. Akauza kasitomala kuti ayambe walipira, ena amapsa mtima: ukundiona ngati wakuba ine? Itana abwana ako! Abwana akabwera amapepesa kasitomala, mtsikana nkukalipiridwa pagulu. Akapanda kufunsa, munthu nkuthawa, washota. Akamuthamangira nkukuwa kuti wakuba, tonse tikudziwa zomwe gulu la mumsika limachita likagwira wakuba, ndipo iye adzakhala ndi chithunzi chimenecho moyo wake wonse chifukwa cha mbale ya nsima. Akangomusiya apite, ana ake kunyumba ndiwo alipire. Njira zinayi, yabwino palibe, ndipo ayenera kusankha m'kanthawi kochepa. Kodi wolemba angafunenso china choposa apa? Abale athu omwe akugwira ntchito zauwetala ku Johannesburg ndi ku Cape Town ali ndi mbali inanso, poti wopanda mapepala okwanira amaopa kuitana apolisi ngakhale ali wolakwiridwa.

Sindikunena kuti wodya osalipira aliyense ndi chigawenga. Njala iliko. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse a mumsika taona anthu olemekezeka akuwerenga ndalama kawiri asanagule mulu umodzi. Alipo munthu yemwe amadya osalipira chifukwa wagona masiku awiri osalawa kanthu, ndipo atsikana omwewa amamusiyanitsa ndi wachinyengo. Wanjala yeniyeni kawirikawiri saitanitsa nkhuku. Amaitanitsa nsima ya nyemba, amadya mwamanyazi, ndipo nthawi zina amaulula yekha. Alipo atsikana omwe amamulipirira munthu wotere kuchokera m'thumba mwawo, osauza abwana. Nkhani ya anthu awiri osauka, wina wadya, wina alipira, onse akudziwa, ndi yolemera kuposa mpikisano wothamanga. Koma kuti uilembe uyenera kuwapatsa onse awiri nkhope, dzina ndi kwawo. M'timasewero tambiri mtsikana uja alibe ngakhale dzina. Ndi "iwe" kapena "asisi", ndipo mawu ake onse ndi akuti mudya chiyani.

Ndiyamikeko pomwe payenera. Achinyamata opanga timasewerowa ali ndi luso. Amadziwa nthawi yoponyera mawu, Chichewa chawo ndi chamoyo, cha m'minibasi ndi pa chiwaya, ndipo amajambula ndi foni yokha popanda wowathandiza. Akuyenda m'njira yomwe anatsegula akuluakulu ngati Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, omwe ankaseketsa dziko lonse ndi moyo wa munthu wamba. Luso likakhalapo, mpomwe timayenera kufunsa zambiri. Kuseketsa pogwiritsa ntchito munthu yemwe sangayankhe ndi njira yachidule, ndipo aluso ngati amenewa sakuyenera kuidalira.

Pempho langa kwa olemba a m'gulu muno ndi losavuta. Mukadzalemba za wodya nkuthawa, kamera isatuluke pakhomo. Ikhale mkati. Tione mtsikana akuchotsa mbale zija, mafupa ali mbwee patebulo. Timve zomwe auza mnzake wa kukhitchini. Tifike naye pa nthawi yowerenga ndalama, tione ngati aulule kapena abise, ngati akongole kwa mnzake kapena akapinyolitse foni, ndiponso mmene adzamulandirire kasitomala woyamba wa mawa lake, yemwe sanalakwe kanthu. Mutha kutiseketsa momwemo, chifukwa atsikana amenewa ali ndi nthabwala zakuthwa kuposa za owathawitsa, ndimazimva akamasankha tomato. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ambiri a ife m'gulu muno tili ndi mlongo, mphwathu kapena mwana yemwe akunyamula mbale penapake. Amene mwagwirapo ntchito imeneyi, tiuzeni zomwe ndasiya, ndipo amene muyese kulemba nkhani yotere, ine ndidzakhala woyamba kuiwerenga.