Za Buku la Nthondo: Kodi Mwanayo Anali wa Yani?

Alipo mabuku ena amene munthu awerenga kamodzi, nawaiwala. Koma buku la Nthondo sili lotere ai. Analilemba Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa Misyoni ya ku Nkhoma, ndipo linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za Afrika, nilisindikizidwa caka ca 1933. Caka ca 1934 Mbusa T. Cullen Young analiturutsa m'Cingerezi, nalicha Man of Africa.

Nkhani yace nayi mwacidule. Nthondo afedwa atate wace akali mwana; akula wosamvera, nazolowera kuba ndi kunama; anka kutali kukagwira nchito; pambuyo pace abwera kwao, natembenuka mtima, nakhala mfumu ya mudzi.

Cimene tiyamika mlembi ndi ici: sanatipatse mnyamata wobadwa ndi kuba m'manja. Ationetsa kuipa kulikukula pang'ono pang'ono, monga ciswe cilowa m'nsanamira eni nyumba ali m'tulo. Mudzi wa m'bukumo ndi mudzi wathu womwe, ndi maliro ace, mirandu yace ndi miseche yace. Cifukwa cace wowerenga sangathe kunena kuti izi nza kwina.

Koma pali pamene bukuli liticepera. Kugwa kwa Nthondo kulongosoledwa bwino. Kuuka kwace kudza ngati mvula ya mwadzidzidzi. Wowerenga wosasamala angatseke buku nati, Mlekeni mwana wopulupudza, adzatembenuka yekha akakula. Ameneyo wanyengedwa. Pa anyamata otayika amene tonse tiwadziwa, ndi angati anabwera kudzakhala mafumu? Ambiri anathera m'ndende, ena anachona osamvekanso. Tikadakonda mlembi akadaima nthawi pa funso limene nkhani yace iutsa: atafa atate, mwanayo anali wa yani? Pakuti mwa mwambo wa Acewa mwana wofedwa atate sali wopanda mwini. Alipo malume wace, mwini mbumba, alipo agogo, ilipo mfumu. Mwana akaonongeka pakati pa anthu onsewa, mlandu suli wa iye yekha.

Funso lomweli analifufuza anthu a nzeru kutsidya kwa nyanja. Pa cisumbu ca Kauai, ku Hawaii, mai wina dzina lace Emmy Werner, pamodzi ndi anzace, anatsata moyo wa ana 698 obadwa caka ca 1955, kufikira atakula. Mwa ana amene anabadwira m'umphawi ndi m'nyumba za ndeu, mmodzi mwa atatu anakula bwino, nakhala munthu wokhulupirika. Ndipo cimodzi cacikuru cimene cinawacirikiza ndico munthu wamkuru amene anawasamala kosaleka: kapena gogo, kapena mphunzitsi, kapena mnansi cabe. Makolo athu anadziwa ici kale lomwe pamene anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsono, abale, werengani Nthondo, pakuti ndi buku lokoma. Koma potseka musaganize za cimariziro cace cokha. Ganizani za mwana wa mkazi wamasiye uja wa m'mudzi mwanu, amene ayamba kugona ku gowelo osafunsidwa ngati wadya, amene dzina lace lichulidwa msanga nkhuku ikasowa. Kumkwapula pa bwalo nkosabvuta, ndipo manja a nchito imeneyo sasowa. Cosowa ndi munthu womuitana ku mbale yace madzulo, womtenga kumunda mamawa, womphunzitsa kusema mpini ndi kuluka nkhokwe, wokafunsa kwa mphunzitsi ngati afika ku sukulu. Ndipo wocita izi caka ndi caka, angakhale mwanayo amkhumudwitse kawiri katatu.

Kuongola mtengo mpoyamba. Nthondo wa m'buku anapeza mwai atakula. Nthondo wa m'mudzi mwanu ayembekeza inu lero.