Mphini: wotema amayamba, thupi limamaliza

Agogo anga aakazi ku Chiwamba akamatong'ola chimanga pakhonde, ine maso ankangokhala pamasaya pawo. Panali timizere tifupitifupi takuda, totalikirana mofanana ngati mizere ya m'munda mwa mlimi wakhama. Anawatema ali namwali, ndipo zaka zonsezo palibe kamzere kamene kanasokonekera. Mayi amene anagwira lumolo anali mmisiri weniweni.

Luso lonse la mphini lagona pa muyeso. Wotema amatsina khungu ndi zala ziwiri, n'kucheka kamodzi kokha, kenako n'kutikitamo makala opera. Akacheka pamwamba chabe, pakatha chaka palibe chooneka. Akazamitsa, kapena bala likachita mafinya, pamatuluka chotupa cholimba chonyezimira, ndipo kwa ena chimakula kupitirira malire a bala, chimene madokotala amati keloid. Ndinaonapo mphini zoterezi pachifuwa cha mayi wina, zopiringizana ngati mizu. Dzanja la wotemayo linali lolemera.

Komatu wotema amangoyamba ntchito. M'khungu muli maselo otchedwa fibroblast. Pakapita masiku atatu kapena anayi amadzazana pabalapo n'kuyamba kuluka ulusi wa kolajeni, ndipo ena mwa iwo amakoka milomo ya bala kuti ikumane. Okokawa anawafotokoza ndi Giulio Gabbiani ndi anzake ku Geneva mu 1971. Kulukako kumapitirira mpaka chaka. Ndiye kuti mmisiri wa mphini ankajambula chinthu chimene sakanachiona tsiku lomwelo. Ankayenera kudziwa mmene khungu lidzamuyankhire. Woumba mbiya dongo limamumvera pomwepo, uyu ayi. N'chifukwa chake luso limeneli ndimalipatsa ulemu woposa.

Maselo omwewa aliponso mumtima, koma uko kulibe wowayezera. Mtsempha wa magazi ukatsekeka mnofu n'kufa, mtima sumeretsa wina. Maselowa amasokapo chigamba cha chipsera m'masabata 6 mpaka 8. Chigambacho chimateteza mtima kuti usang'ambike, koma sichigunda. Chikachuluka mtima umauma, munthu n'kuyamba kutupa miyendo ndi kubanika. Ku Inharrime ku Mozambique, kafukufuku wa Ana Olga Mocumbi wa mu 2008 anapeza kuti pa anthu 1,063, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi zipsera za mtundu wina m'kati mwa mtima.

Sindikupempha kuti mphini zibwerere. Chitulukire Edzi m'Malawi mu 1985, lumo limodzi silingayendenso pa anamwali khumi. Chimene chimandipweteka n'chakuti tikuzikwirira pamodzi ndi eni ake, osafunsa n'komwe. Inu a ku Chiwamba, ku Kabudula ndi ku Nsaru amene agogo anu akadali moyo, khalani nawo pamphasa, akuuzeni anawatema ndani, ndi chiyani, ndipo mzere uliwonse unkatchedwa chiyani. Akalola, ajambuleni.