Mneni wa Chingerezi "Adhere" ndi Mawu Amene Timamumasulira Nawo

Mawu Oyamba

Mwa mawu a Chingerezi amene amasautsa omasulira zikalata za boma ndi za chipatala muli mneni wakuti "adhere" pamodzi ndi maina awiri ochokera kwa iye, "adherence" ndi "adherent". Chichewa chili ndi aneni ambiri oyandikana naye m'tanthauzo, koma womasulira wofulumira amatolapo mmodzi n'kumusenzetsa katundu yense. M'nkhani ino tisanthula matanthauzo a mneniyu, kenaka tiyesa mawu amene akhala akuikidwa m'malo mwake. Poyesera pathu pakhala pa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, popeza matanthauzo onse amene titchule ali ndi malo m'moyo ndi m'mbiri ya mudziwu.

Chiyambi ndi Matanthauzo

Mneniyu adachokera ku liwu la Chilatini lakuti "adhaerere", lotanthauza kugwira pa chinthu osachokapo. M'Chingerezi cha lero ali ndi ntchito zinayi:

(a) chinthu kugwira pa chinzake;
(b) munthu kuchita zimene lamulo kapena pangano likunena;
(c) munthu kukhala kumbali ya mpingo, chipani kapena chiphunzitso;
(d) wodwala kumwa mankhwala monga momwe adagwirizanirana ndi wachipatala.

Mwini Chingerezi amasiyanitsa ntchito zinayizi poona mawu oyandikana ndi mneniyo. M'Chichewa kusiyanitsako kumachitika m'tsinde la mneni mwiniwake.

Tanthauzo Loyamba

Apa palibe chovuta. Tili ndi kumata, mneni woyambukira, ndi kumamatira, mneni wosayambukira. Msodzi amamata ming'alu ya bwato ndi phula. Ndere zimamamatira pa miyala ya pansi pa madzi, ndipo nsomba za mbuna zimadya nderezo. Njere za chisoso zimamamatira pa chovala, mbalame imakanirira pa ulimbo. Onani kuti m'zitsanzo zonsezi chomamatiracho sichisankha, chimangogwira. Mfundo imeneyi ndiyo imaletsa mneniyu kulowa bwino m'matanthauzo enawo, amene onse amafuna munthu woganiza.

Palinso kuphatika, kumene kumanena za kulumikiza zinthu ziwiri kuti zikhale ngati chimodzi. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1922, adasankha tsinde lomweli pa Genesis 2:24 pofotokoza za mwamuna ndi mkazi wake. Adasankha bwino, koma kuchokera pamenepo liwuli lili ndi fungo la ukwati ndi la paguwa, choncho siliyenera pa chikwangwani cha malamulo.

Tanthauzo Lachiwiri

Mudzi wa Chembe wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndipo adalowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 1984. Msodzi wa kumeneko amakhala pakati pa malamulo ambiri: madera amene saloledwa kuponyamo ukonde, kukula kwa maso a ukonde, ndiponso nyengo yotseka nyanja kuti chambo chiswane. Zidziwitso zotere zimayamba zalembedwa m'Chingerezi, ndipo pomasulira timamva chiganizo chonga ichi:

1. Asodzi onse amamatire malamulo a usodzi.

Chiganizochi n'chomveka, koma n'Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa. Lamulo timalitsata, timalimvera kapena timalisunga, ndipo atatuwa si amodzi. Kumvera kumaloza kwa wolamula: pali wamkulu amene wayankhula. Kutsata kumaloza ku ndondomeko, ngati njira imene munthu akuyendamo. Kusunga kumaloza kwa mwini: munthu amasunga chinthu chimene amachiyesa chake. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, pamene usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja mwa ulamuliro wa mfumu Makanjira, timati asodzi amasunga mwambo, chifukwa chiletsocho chidabadwira pakati pawo. Womasulira asanalembe, adzifunse kaye kuti lamulolo n'la yani. Ena amayesa kukakamira, koma awa amalakwa koposa, pakuti wokakamira ndi munthu wamakani amene sakumva za anzake.

Tanthauzo Lachitatu

Ku Cape Maclear komweko n'kumene amishoni a Livingstonia adamanga malo awo oyamba m'chaka cha 1875, asanasamukire ku Bandawe m'chaka cha 1881. M'chaka chosamukacho adabatiza Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyo. M'mipingo ya Chipresibeteriya ya ku Scotland, kumene amishoniwo adachokera, dzina lakuti "adherent" limanena munthu amene amasonkhana nawo kawirikawiri koma sadalandiridwe kukhala chiwalo chodya nawo mgonero. Tsono amene angamasulire dzinali kuti womamatira mpingo watembenuza nkhani: wapatsa munthu wa pakhomo ulemu wa munthu wa m'kati. Pa nkhani za mpingo tinene kuti wosonkhana nawo. Pa nkhani za chipani kapena chiphunzitso tinene kuti wotsatira.

Tanthauzo Lachinayi

Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa kulakwitsa kwake kumakhudza moyo. Chiyambire chaka cha 2004, pamene boma lidayamba kupereka mwaulere mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, dzina lakuti "adherence" lakhala pakamwa pa achipatala tsiku ndi tsiku. Pa wailesi ndi m'timapepala ta uphungu lamasuliridwa kawirikawiri kuti kumwa mankhwala mokhulupirika. Ife tikuona zifukwa zitatu zokayikira kumasulira kumeneku.

Choyamba, pa nkhani ya Edzi liwu lakuti kukhulupirika lidatengedwa kale. Kwa zaka zambiri anthu adaphunzitsidwa kudziletsa, kukhulupirika ndi kugwiritsa ntchito kondomu, ndipo kukhulupirika kumeneko kunali kwa m'banja. Taganizani msodzi amene wakhala masabata angapo ku Makanjira kutsata usipa, ndipo pobwera wafika ku chipatala pamodzi ndi mkazi wake. Namwino akamufunsa kuti, "Bambo, kodi mwakhala okhulupirika?" iye akufunsa za mapiritsi, koma mayiyo akumva funso lina. Bamboyo adzayankha funso limene mkazi wake wamva.

Chachiwiri, kukhulupirika ndi khalidwe la munthu yense, ndipo kusakhulupirika n'chitonzo. Komatu msodzi angaphonye mankhwala pa zifukwa zosakhudza khalidwe: mwera wamutsekereza kutsidya, botolo lanyowa m'bwato, tsiku lokatenga ena lamupeza ali kutali, kapena wagwira ntchito ya chilimira usiku wonse n'kugona nthawi yomwera. Munthu amene akudziwa kuti kuvomera zimenezi n'kudzitcha wosakhulupirika amabisa. Wachipatala akabisiridwa sangathandize, pamene kudumphitsa mankhwalawa kumapatsa kachilombo mpata woswana ndi wosintha mpaka mankhwalawo kuleka kugwira ntchito. A msinkhu wathu akukumbukiranso kuti kukhulupirika kunali imodzi mwa ngodya zinayi za Malawi Congress Party m'nthawi ya chipani chimodzi, pamodzi ndi umodzi, kumvera ndi kusunga mwambo. M'makutu a akuluakulu ambiri liwuli likadali ndi kulemera kwa funso limene munthu sayankha kuti ayi.

Chachitatu, kumasuliraku kukubweza m'mbuyo chimene eni liwulo adafuna kukonza. Kale madokotala olemba m'Chingerezi ankakonda liwu lakuti "compliance", lotanthauza kugonjera zimene walamulidwa. Adasamukira ku "adherence" pofuna kusonyeza kuti wodwala ndi wachipatala amapangana, ndipo lipoti la bungwe la World Health Organization la m'chaka cha 2003 lokhudza matenda a mgonagona lidatsindika mgwirizano umenewu. Ife tikati mokhulupirika tamubwezera wodwalayo pa mpando wa woweruzidwa.

Ena amati kumwa mankhwala mwandondomeko. Awa ali pafupi ndi choona, ndipo m'malipoti mawuwa ndi oyenera. Chofooka chawo n'chakuti sanena chimene wodwala achite. Mneni amene amanena zenizeni ndi kudumphitsa, pamodzi ndi mnzake kudukiza. Yerekezani mafunso awiriwa:

2. Kodi mukumwa mankhwala mokhulupirika?
3. Mwezi uno mwadumphitsa masiku angati?

Funso 2 yankho lake ndi inde basi. Funso 3 limayankhidwa ndi nambala, ndipo nambalayo imatsekula njira yofunsa chifukwa chake.

Zimene Ena Anganene

Wina angati liwu lakuti mokhulupirika lazika kale mizu, ndipo chiyankhulo ndi cha ochiyankhula, osati cha akatswiri. Tikuvomereza kuti liwu lozolowereka silizulidwa ndi chikalata. Koma liwuli silidamere lokha m'midzi. Lidabzalidwa ndi omasulira, ndipo omasulira omwewo angathe kubzala lina pambali pake. Winanso angati ntchito yokonza mawu a luso imafuna liwu limodzi pa liwu limodzi, kuti zolembedwa zifanane. Lamulo limenelo n'labwino pa maina a zinthu, monga ziwalo za thupi kapena zida. Pa mneni wa matanthauzo anayi, choyenera kufanana ndicho kumasulira kwa tanthauzo lililonse palokha.

Malangizo

Tikupempha omasulira, olemba mabuku a sukulu ndi okonza mauthenga a pa wailesi kuti aganizire kagawidwe aka:

(a) pa zinthu: kumamatira, kumata, kuphatika;
(b) pa malamulo ndi mapangano: kutsata, kapena kusunga ngati lamulolo n'la eni ake;
(c) pa mpingo ndi chipani: wosonkhana nawo, wotsatira;
(d) pa mankhwala: kumwa mosadumphitsa poyankhula ndi wodwala, kumwa mwandondomeko polemba malipoti.

Kukhulupirika tikusiyire ubale wa munthu ndi munthu mnzake, kumene n'kwawo. Tikupemphanso kuti liwu lililonse latsopano, lisanasindikizidwe, liziyamba layesedwa pa anthu amene adzalimve, monga asodzi a pa doko la Chembe ndi amayi oyanika usipa pa thandala, powafunsa kuti anene m'mawu awoawo chimene amvapo. Owerenga amene ali ndi mawu ena ochokera m'madera awo atilembere kuti tiwaonjezere pa mndandandawu.